Tsegulani Soketi, Achimwene

Okondedwa Achimwene,

Landirani moni wanga, inu ndi alamu anga pamodzi ndi ana. Kaya muli bwanji kumeneko? Bondo lija likuvutabe mukapalasa njinga, kapena mafuta opaka aja anathandiza? Nanga amayi, chifuwa chija chinapepuka? Ine kuno ndilipo. Sindikudwala, ndikudya, ndikupita kuntchito. Mukandifunsa zoposa pamenepo ndisowa chokuyankhani.

Mudabwa kuona kalata pamene foni ndili nayo. Chifukwa chake mukuchidziwa nokha. Pafoni simundilola kumaliza. Ndikangoyamba mumati mwamva kale, kenako mumandifotokozera ineyo zimene ndimafuna kunena. Koma chinthu cholembedwa mumachipatsa ulemu. Kuyambira tili ana, pepala lililonse, ngakhale lokulungira sopo, munkaliwongola pabondo n'kuliwerenga mpaka pansi. Si pachabe kuti munathera mulaibulale. Ndiye ndati ndikugwireni pomwepo.

Ntchito ikuyenda monga kale. Ndikadali kochapira nsalu kuchipatala kuja. M'mawa ngolo imatsika yodzaza nsalu za pabedi, timaziponya m'makina, timaziyanika, timazisita, timazipinda. Madzulo zimakwera kumawodi, mawa lake zimatsikanso zomwezo. Makina amodzi anafa mwezi watha ndipo amisiri akungolonjeza, choncho tikuweruka mochedwerako. Anzanga akudandaula. Ine sindikuonapo vuto, kunyumba kulibe chimene ndikuthamangira.

Sabata yatha ndinapsa ndi simbi pamkono koma sindinamve. Amene anaona ndi mnzanga wosita naye limodzi, mayi wina wachikulire amene tonse timangomuti Asisi. Anafunsa kuti chikununkha n'chiyani, kenako anakuwa n'kundikoka dzanja. Anandiperekeza kwa anamwino, anandimanga bandeji, ndipo ndinabwerera kukamaliza mulu wanga. Asisi anati ndikaonane ndi dokotala wa mutu. Ndinawayankha kuti mutu ulibe matenda, mwangokhala mulibe kanthu basi. Anaseka poganiza kuti ndi nthabwala, ine ndinawasiya aseke.

Kumene ndikuchita lendi mpope unaphulika, ndiye madzi tikukatunga kuseri kwa msika. Denga nalo likudontha pakona ya kumutu kwa bedi. Eni nyumba anabwera, anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, n'kunena kuti mvula ya chaka chino ndi yamwano. Ndinangokoka bedi n'kuika beseni. Nkhani za m'tauni ndi zomwezo, sindikutaya nazo pepala.

Chibwerereni ku maliro a amuna anga, alamu anu aja, sindinalirepo. Ndikudziwa kuti pamaliro paja anthu ananena, ndinawamva ndithu, kuti mkazi wanji wouma m'maso chonchi, tauni inamudya mtima. Sindinawakwiyire. Inenso ndinkadikira kuti misozi ibwera, mwina pobwerera m'basi, mwina ndikatsegula chitseko cha chipinda changa. Sinabwere. Chakudza sichiimba ng'oma: munthu anadzuka bwinobwino, anatsegula shedi yake yokonzera njinga, anagwada kuti apope tayala, osadzukanso. Ndipo amene anamupeza ali chigwadire ndi mwana, pochokera kusukulu.

Za mwanayo ndiye ndalembera kalatayi. Dzina loti Injiniya munamupatsa ndinu, tsiku lija anamasula wailesi yanu akadali wa makabudula ong'ambika, n'kuyala tizitsulo take pamkeka motsatira kukula kwake. Munafuna kumukwapula koma munalephera ndi kuseka. Lero ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wakupitirirani msinkhu, ndipo mawu ake anasintha ine ndili kuno. Mumamuona pafupifupi tsiku lililonse, ine ayi, komabe pali chinthu chimodzi cha iye chimene simukuchidziwa.

Nditangobwerera kuno ndinkamuimbira Lamlungu pa foni ya alamu anga. Ankamuitana kuchokera kwa amayi, iye n'kuimirira pakhonde anthu onse akumuyang'ana. Ndikamufunsa za sukulu ankati ili bwino. Za chakudya, zili bwino. Za kugona, zili bwino. Ine mafunso ankandithera, iye n'kubweza foni. Ndinafika poleka, chifukwa ndinaona kuti ndikumuzunza, ndipo inenso ndinalibe mawu ena oti ndimupatse.

Tsiku lina pa nthawi yopuma foni yanga inalira kamodzi n'kuduka. Ife timapuma mochedwa, dzuwa litapendeka, nthawi imene ana aweruka kusukulu. Nditayang'ana ndinapeza dzina la malemu. Foni yawo ija anatenga ndi mwanayu, ndipo ine dzinalo sindinalisinthe mpaka lero. Ndinakhala ndikuliyang'ana kwa kanthawi, kenako ndinaimba. Anayankha motsitsa mawu kuti ali kulaibulale kwa amalume, pabenchi ya kuseri kwa mashelefu, wapeza soketi.

Foni imeneyo mukuidziwa, ndi ija yomangidwa ndi mphira pakati. Batire lake linatha kalekale. Imayaka pokhapokha ili pa moto, mukangoizula imazima nthawi yomweyo. Kwa amayi kulibe magetsi. Kokatchajitsa kumsika amailanda n'kuiika kuseri kwa kauntala pamodzi ndi za anthu ena, ndipo iye salola kuti ichoke m'manja mwake. Ndinamuuza kuti ndimutumizira ina, anati imeneyi ili bwino. Ndinati nanga batire lokha, anati asaitsegule munthu. Sindinaumirire. Choncho padziko lonse lapansi malo amene mwana wanga angalankhule nane ndi amodzi, pakhoma la laibulale yanu.

Ndati kulankhula, koma sitinkalankhula. Ankaflasha, ine n'kuimba, iye n'kunena kuti ndafika, n'kuika foni pabenchi. Basi. Ine ndinkakhala pa ndowa yovundikira kuseri kwa makina, buledi m'dzanja, foni kukhutu, n'kumamvetsera laibulale yanu. Ndikuidziwa bwino kuposa mmene mukuganizira. Chitseko chake chimalira chikamatsegulidwa, koma potseka ayi. Chidindo chanu mumachimenya kawiri, koyamba pa inki, kachiwiri pabuku, ndipo musanadzudzule munthu mumayamba mwakhosomola.

Anzake ndinawadziwanso ndi makutu okha. Pali anyamata amene ankasewera dirafuti ndi zitsekerero za mabotolo, n'kumakangana monong'ona, kunong'ona kwake komveka mpaka kumsewu. Pali mtsikana wina amene ankawerenga mokweza za mmene magazi amayendera m'thupi, mnzake n'kumamukonza katchulidwe. Pali wina woseka ngati nkhuku yoikira, amene inu munkamutulutsa kawirikawiri koma ankabwereranso. Sindikudziwa nkhope ya ngakhale mmodzi, koma wina akajomba ndinkazindikira.

Masiku oyamba Injiniya sankamveka n'komwe, ndinkangomva mapepala akutembenuzidwa pafupi ndi foni. Kenako tsiku lina mnyamata wina anafunsa kuti nyale ya njinga imayaka bwanji popanda batire. Pamenepo ndinamva mwana wanga akufotokoza. Anafotokoza pang'onopang'ono, ndi mawu omwe aja a bambo ake, mpaka ndi kachizolowezi kawo kofunsa kuti mwaona kapena simunaone. Tsiku linanso woseka uja anagwa pabenchi, ndipo pakati pa kuseka kwa onse ndinamva kuseka kwa mwana wanga. Kanali koyamba chichitikireni maliro.

Asisi ankandinena kuti ndikutha mayunitsi pomvera mphepo. Ankati anthu amaimba foni kuti alankhule, ine ndekha ndiye ndimaimba kuti ndikhale chete, ndipo kukhala chete ndikanatha kuchita ulele pompano. Koma inu ndikuuzani: tsiku lonse, kuyambira kudzuka mpaka kugona, ndi nthawi yokhayo imene ndinkamva kuti tiyi ali ndi shuga.

Ndiye foni inasiya kulira. Ndinayesa kuimba, yozima. Ndinadikira, ndinati kapena ndi mayeso, kapena kwachita mitambo ndipo magetsi a sola afooka. Mwezi unatha. Mapeto ake ndinawapanikiza alamu anga mpaka anandiuza zonse. Musawakalipire, anayesetsa kundibisira, koma mukundidziwa ine ndikagwira chinthu.

Akuti akuluakulu anu a kuofesi anabwera osanena. Anapeza anyamata atagona pansi kuseri kwa mashelefu, miyendo pakhoma, mafoni atalendewera pa soketi imodzi. Anapeza mtsikana ndi mnyamata akuwerenga buku limodzi mitu itagundana. Atafuna kuona za mu kompyuta yanu inakana kuyaka, poti batire la sola linali litatheratu. Akuti anakulankhulani mawu olemera, anawo akumva, mpaka kufunsa ngati pano ndi laibulale kapena pokwerera basi. Akutinso sabata yomweyo kholo lina linabwera kudzadandaula kuti mwana wake wamkazi akuchedwa kufika kunyumba.

Zinandiwawa kumva kuti munanyozedwa chonchi, ngati kuwawa ndikukumvabe. Laibulale imeneyo ndikudziwa mmene munaivutikira. Mabuku oyamba munawatuta pa njinga kuchokera kumsewu waukulu, mvula ikugwa, mutawakulunga m'malaya anu amvula inu mukunyowa. Chiswe mwalimbana nacho zaka zonsezi ngati mdani wa banja. Munthu wobwera pa galimoto n'kudzakuchititsani manyazi pamaso pa ana, si chinthu chaching'ono.

Ndiye munakhoma kabokosi ka matabwa kuzungulira soketi n'kuikapo loko. Benchi munainyamula kukaitsekera m'chipinda chosungira katundu. Chikwangwani chija cha KHALANI CHETE munachipakanso penti watsopano. Zonsezi ndikuzimvetsa. Ndipo poti ndinu munthu wa mtima wabwino simunalekere pomwepo. Thandizo lokonzera malo a achinyamata litafika, munati muwakonzere pabwino, pooneka, pamene mlendo aliyense angayamikire. Munasankha kutsogolo kwenikweni kwa tebulo lanu.

Alamu anga ananditumizira chithunzi. Achimwene, timipando tija ndi ta kusukulu ya mkaka. Tofiira, tachikasu, tobiriwira, tokongola ndithu, koma munthu wokhalapo ayenera kukhala woti sanayambe kugulula mano. Pakhoma munajambula zilembo, mbidzi ndi njovu. Akuti munajambula nokha Loweruka lonse osapuma, ndipo ndikuyamikira khama, ngakhale njovuyo, pepani, yapita kwa nkhumba. Sindikukusekani. Ndikudziwa chimene chinachitika. Pamene munkaganiza za ana oti adzakhale pamenepo, m'maso mwanu munali kamnyamata kaja koyala tizitsulo ta wailesi pamkeka. Inunso simunaone kuti anakula.

Akuti Injiniya anabwera kamodzi, mwa ulemu, poti munachita kumuitanitsa. Anakhala pa kampando kofiira, mawondo n'kufika kuchibwano, miyendo ya kampandoko n'kuyamba kutagada. Anzake anali pawindo akudzigwira pakamwa. Ndiye inu munakhosomola, n'kumufunsa mokweza, anthu onse akumva, kuti mtima wake uli bwanji chimwalirireni bambo ake, ndipo munamupatsa kabuku kothandiza anamfedwa. Akuti anakalandira ndi manja awiri, anaimirira, anabwezera kampandoko pamalo pake bwinobwino, anathokoza, n'kutuluka. Sanapondenso, ndipo anzake nawonso anasiya. Alamu akuti masana mumakhala nokha ndi njovu yanu.

Tsopano mverani kumene ali. Akaweruka kusukulu, masiku amene wapitako, amakakhala kumsewu kumene malole amapakira matabwa. Kuli dalaivala wina amene anaona kuti mnyamatayu amadziwa kugwira sipanala, ndipo anamuuza kuti akufuna wothandiza pa maulendo ataliatali. Akuti anyamuka akamaliza kupakira, mwezi uno usanathe. Amayi posesa anapeza chikwama pansi pa bedi lake, muli malaya, bulangete ndi masipanala a bambo ake. Sanamufunse, akuopa kuti akamufunsa ndiye afulumira. Anangouza alamu, alamu n'kuuza ine. Inu sanakuuzeni poopa kuti mukamuitanira ku tebulo lanu.

Ndinapita kwa akuluakulu a ntchito kukapempha kuti ndibwere. Anati masiku anga ndinawathera ku maliro, ndipo makina atafa chonchi sangandimasule. Ndikachoka ndekha ntchito yatha, ndipo sukulu yake yathera pomwepo. Komanso ndinene zoona, nditabwera ndingakamuuze chiyani? Ndingakaime pakhomo n'kumufunsa za sukulu, iye n'kunena kuti ili bwino. Ine ndi mwana wanga timamvana tikakhala chete, ndipo malo amene tinkakhalira chete ndi amene munawaika loko. Akakwera lole imeneyo ndi foni yosayaka, sindidzadziwa ngakhale msewu umene walowera.

Pamene alamu ankandiuza za chikwamacho ndinali ndikupinda nsalu. Ndinapitiriza kupinda. Ndinamva mawu onse, ndinawamvetsa, ndinathokoza, ndinadula foni, ndipo manja anga sanalakwitse ngakhale kona imodzi. Zimenezi ndi zimene zikundiopsa, Achimwene. Mayi amene wauzidwa kuti mwana wake akuthawa amayenera kugwetsa chinachake.

Pali chinanso chimene ndikufuna mumve, ndipo musaganize kuti ndikufuna kukuphunzitsani ntchito yanu. Ine ntchito yanga ndi simbi. Loweruka lapitali nditaweruka masana mvula inandipezera panjira, ndipo ndinathawira mulaibulale ya kuno. Sindinapite kukawerenga. M'tauni muno malo ena alionse ukakhala pansi amabwera kudzakufunsa chimene ugule, ndiye ndinalowa mmenemo. Pofuna pouma ndinasochera mpaka chipinda cha kumbuyo, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti ndalowa kwa achinyamata.

Si chipinda chokongola. Chanu chija n'chokongola kuposa chimenechi. Muli benchi yaitali, mpando wa sofa wong'ambika pa mkono, mkeka wakale pansi, ndi masoketi m'mbali mwa khoma. Phokoso lilimo, losafika posokoneza a m'chipinda chachikulu, koma lilimo. Ena ankalemba za kusukulu, ena ankaonera limodzi chinachake pa foni, atsikana awiri ankalukana tsitsi buku lili pamiyendo. Pa sofa paja panagona mnyamata wamtali, nsapato zili kuphazi, pakamwa pali yasa.

Woyang'anira chipindacho ndi mayi wa magalasi omangirira chingwe m'khosi. Tebulo lake analiika chammbali, loyang'ana kuwindo, ndipo anali kalikiliki kumata buku ndi guluu. Ndinamufunsa ngati sakumuona wogonayo. Anati anamuona ine ndisanalowe. Anati amabwera kudzagona poti kwawo kulibe pogona masana, koma akadzuka amachita manyazi kutuluka chimanjamanja, ndiye amatenga buku, ndipo pano wafika pomafunsa lotsatira. Anati ana a msinkhu umenewu ali ngati nkhuku zachilendo: ukaziyang'anitsitsa zimathawa, koma ukawaza chakudya n'kuyang'ana kumbali zimabwera zokha.

Ndinafunsa ngati mabuku sang'ambika. Anandionetsa botolo la guluu, linali pafupi kutha. Ndinafunsa za malamulo, analoza pepala la pachitseko n'kunena kuti analemba okha anawo, ndipo ndi okhwima kuposa amene iye akanalemba, moti wotukwana amamutulutsa anzake iye asananyamuke. Ndinafunsanso ngati akuluakulu ake samukalipira. Anati amamukalipira ndithu. Amawamvetsera mpaka amalize, amawapatsa tiyi, ndipo akapita amabwerera ku guluu wake.

Za ine sindinamuuze ndipo sanandifunse. Anaona bandeji, anaona kuti ndine mayi wamkulu pakati pa ana, anangosuntha chikwama cha wina pabenchi kuti ndikhale. Ndinakhala pamenepo mpaka nthawi yotseka. Mvula inali itasiya kalekale. Palibe amene anandifunsa kuti mtima wanga uli bwanji, palibe amene anandipatsa kabuku. Anthu ankangochita zawo pafupi nane, ndipo ine ndinali pakati pawo. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chimene mwana wanga ankatsata kuseri kwa mashelefu anu.

Pempho langa ndi limodzi. Chotsani loko pa soketi ija, ndipo benchi ibwerere pamalo pake, kuseri kwa mashelefu, kumene maso anu safika mukakhala pansi. Musamuitanitse. Musatume mwana kukamuuza, musalengeze kusukulu. Ingotsegulani chitseko n'kukhala pa tebulo lanu. Woseka ngati nkhuku uja akangoona, dzuwa lisanalowe onse adzakhala atamva. Ndipo ngati khosi lanu lingalole, tebulolo mulipotozeko pang'ono liyang'ane kuwindo.

Timipando musatitaye. Ana aang'ono amene amabwera ndi amayi awo m'mawa adzatikonda, ndipo njovu ija sadzaifunsa mtundu wake. Za batire la sola ine sindizidziwa, kaya likufunika kupumitsidwa nthawi zina, kaya mafoni azilowa mosinthana. Koma muli ndi munthu pafupi amene inu nomwe munamutcha Injiniya. Akabwera, mudikire masiku angapo, kenako mudandaule mokweza muli nokha kuti batireli lakusowetsani mtendere. Mufunseni za batire, Achimwene. Za bambo ake musamufunse.

Ndikudziwa chimene ndikukupemphani. Akuluakulu aja adzabweranso, ndipo akhoza kudzapezanso miyendo pakhoma. Ntchito imeneyi ndi imene ikudyetsa ana anu ndiponso kugulira amayi mankhwala, ndipo ine ndili kutali, sindidzakhalapo pamene akukukalipirani. Sindingakulonjezeni kuti sizidzavuta. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo pabanja pathu wamkulu ndinu. Mwanayu bambo alibe, mayi ake ndi ine wa pa ndowa kuseri kwa makina. Watsala ndi amalume amene ali ndi kiyi.

Ndikukumbutseninso kanthu kamodzi, musakwiye. Pa msinkhu wa Injiniya inu munkawerenga mutagona chafufumimba pansi pa ngolo ya abambo, miyendo ili kunja, nkhuku zikukudumphani. Amayi ankatuma ine kudzakuitanani, ine n'kubwerera kukanena kuti sindinakupezeni. Sindikukumbukira buku ngakhale limodzi limene munawerenga mutakhala mowongoka pampando.

Mwina ndachedwa kale. Mwina mukamawerenga kalatayi lole ija yapita. Ngati ndi choncho, tsegulanibe. Aja a dirafuti ndi mtsikana wowerenga za magazi uja nawonso ali ndi amayi awo, ndipo kaya kumene akukhala masana ano ndi kuti.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti asamanyamule madzi okha ndipo chikwama chija asachikhudze. Moni kwa alamu anga, ndawathokoza chifukwa chosandibisira. Moni kwa ana anu onse, makamaka wamng'ono uja amene akuti wayamba kuyenda. Mukadutsa kwa apongozi anga muwauze kuti sindinawaiwale, mawu okha ndi amene akundisowa. Azakhali muwauze kuti nsalu ija ndinalandira. Injiniya musamupatse moni wanga, angadziwe kuti talankhulana, ndipo kalatayi asaione.

Musavutike ndi kuyankha, ndikudziwa kuti mungalembe masamba ambiri ndipo theka lake lingakhale londikonza kalembedwe. Tsiku lililonse pa nthawi yopuma ndimakhala pa ndowa ija, foni ndimaiika pabondo. Asisi anasiya kundinena, masiku ano amangondithirira tiyi n'kukhala pambali panga. Dzina la malemu likadzatuluka pa foniyo, ndidzadziwa kuti kalata yanga inafika.

Ndine mlongo wanu,
Make Injiniya